Impso Yachiwiri ya Elson

Mangalande
5 Novembala 1984

Okondedwa Amalume a Mackson,

Ndikupatsani moni, ngakhale moni wa masiku ano ndi wongokakamiza. Ndikhulupirira telegalamu ija inafika. Amayi ali bwanji? Akudya? Mundiuze zoona, musandibisire.

Mu telegalamu amawerenga mawu, ndiye sindinathe kufotokoza. Mlongo wanga Elson anagundidwa ndi galimoto Lachiwiri m'mawa akupalasa njinga kupita ku koleji kwake kuja amaphunzira za makina a fakitale ya tiyi. Kuno nyengo ino dzuwa limachedwa kutuluka ndipo msewu unali woterera. Anamutengera ku chipatala china, osati chimene ndimagwirako unamwino ine, ndipo pamene ndimafika n'kuti atamuika kale pa makina opumira. Mutu ndi umene unavulala kwambiri. Ndinakhala pambali pake mpaka Lachinayi. Sanatsegule maso, ndipo ululu sanaumve. Zimenezi muwauze amayi kawiri.

Bokosi linyamuka pa ndege ya pa 10. A esiteti, poti ndi amene anamutumiza kuno, alonjeza galimoto yokalitenga ku bwalo la ndege mpaka ku Milonde.

Chinthu chimodzi ndikupempheni, Amalume, ndipo muchigwire ndi manja awiri. Bokosilo lili ndi chitsulo m'kati, ndipo analimata ndi moto. Malamulo a ndege salola kuti litsegulidwe. Adzukulu akafuna kusambitsa, muwauze kuti anasambitsidwa kale ine ndilipo, ndipo wavala suti yake yakuda ija ndi tayi. Amayi adzalimbikira, ndikuwadziwa. Inu ndinu mwini mbumba, mawu anu adzawamva. Bokosi lisatsegulidwe.

Ine tchuthi andikaniza mpaka chaka chamawa. Ndalira, ndachonderera, koma kuno maliro amangopatsa masiku atatu, ndipo atatuwo ndinathera kuchipatala kuja.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Esteri


Milonde, Mulanje
24 Novembala 1984

Iwe Esteri,

Moni wochokera kwa ine malume ako ndi onse a pakhomo. Kuno mvula yayamba bwino, tiyi waphuka, ku esiteti ntchito yandichulukira poti akapitawo anzanga awiri akudwala.

Mlongo wako tinamuika Lachitatu pa 14, ndipo ndikuuze kuti maliro otere sanaonekepo ku Milonde. Anthu anachokera ku Muloza, ku Thuchila, ena anawoloka kuchokera ku Milanje. Bwana wamkulu wa esiteti anabwera yekha ndipo anandigwira chanza pamaso pa anthu. A tcheyamani a Chipani analankhula, ine ndinalankhula pambuyo pawo, anthu anati ndinalankhula bwino.

Vuto linali mayi ako. Anagona pa bokosi n'kumakanda m'mphepete ndi zikhadabo mpaka chala chinatuluka magazi. Amati, "Ndingoona mphumi yokha, ndidziwe kuti ndi iyeyo." Kenaka anafuna kuti tiitane Alufeyo wowotcherera zitsulo uja wa ku Muloza adzatsegule. Adzukulu nawonso anayamba kung'ung'udza kuti iwo saika munthu amene sanamuone. Ine ndinaimirira n'kuwawerengera kalata yako, ndinati ili ndi lamulo la boma la Mangalande, wotsegula akamangidwa yekha. Onse anagonja. Undithokoze, chifukwa pakanapanda ine zikanavuta.

Tsopano za katundu wa malemu. Ndinamva kuti anagula wailesi ya kaseti ya masipika awiri. Imeneyo utumize kwa ine ndiisunge. Nsapato zake ndi namba eyiti, ndi yanganso yomweyo. Koma suti yakuda ija, Esteri, unachitiranji kumuveka imeneyo? Inali isanavalidwe ngakhale kasanu. Panalibe ina yakale?

Mayi ako akudya pang'ono. Sakulankhula kwambiri.

Ndine malume ako,
M. Muhiwa, Kapitawo


Milonde, Mulanje
17 Januwale 1985

Esteri,

Moni ndikupatsa chifukwa cha mwambo chabe.

Lolemba kunafika kalata ya chidindo kudzera ku bokosi la sukulu, yolembedwa dzina la mayi ako. Ine ndinali kuntchito. Mayi ako anaitengera kwa ahedi, ndipo anawapeza ali pa msonkhano wa komiti ya makolo. Ahedi ataona chidindo anayesa ndi za chipukuta misozi, ndiye anaiwerenga mokweza, akumasulira mzere ndi mzere, anthu makumi atatu ali chete kumvetsera. Pamene amazindikira chimene akuwerenga n'kuti atafika kale pakati.

Kalatayo yachokera ku bungwe la boma la chigawo chimene ukukhalacho, loona za ziwalo za anthu akufa. Bungwe lotere liliko pa dziko? Anthu ovala mataye, okhala mu ofesi, ntchito yawo kugawa za m'mimba mwa ana a eni ake? Akuti akuthokoza banja la malemu chifukwa cha mphatso. Mphatso! Akuti za m'maso mwake anapatsa anthu awiri. Akuti impso imodzi ili mwa bambo wina wa ana atatu. Akuti impso yachiwiri anaichotsa koma sinagwire ntchito. Ndipo akuti chilolezo anapereka ndi mlongo wake, Esteri.

Ndiye chimenechi n'chimene unamatira bokosi ndi moto? Unandiimika ine pamaso pa anthu, pamaso pa a tcheyamani, kuti ndilondere chikwama chopanda kanthu? Mwana wa mlongo wanga munamutumbula ngati nkhuku, iwe uli pomwepo ndi cholembera m'manja.

Ukudziwa zimene anthu akunena? Akuti malata aja unafolera nyumba ya mayi ako chaka chatha anali chikole, unali utamugulitsa kale. Akuti n'chifukwa chake unamuitanira kumeneko. Ku mjigo amayi akumasuntha ndowa zawo mayi ako akafika. Nthochi za mayi ako ku msika zikubwerera zonse, wina anachita kunena kuti sadya za pakhomo pogulitsa nyama. Dzulo kunabwera anyamata atatu a Yufi ya Chipani kudzafunsa kuti banja lino lili ndi mgwirizano wanji ndi maiko akunja. Zina sindingalembe, ukudziwa kuti kalata imadutsa m'manja ambiri.

Mayi ako sanalire. Anangobwerera kunyumba, n'kusanza kuseri kwa khola, n'kukhala pansi. Dzina lako sanalitchule mpaka lero.

Uyankhe msanga. Wailesi ija sinafikebe.

M. Muhiwa


Mangalande
4 Febuluwale 1985

Amalume,

Moni. Kalata yanu ndailandira ndipo ndaiwerenga katatu. Ndinanama, sindikana. Chitsulo cha m'bokosi ndi lamulo ndithu, koma ine ndinakondwera nalo lamulolo, chifukwa sindinafune kuti adzukulu aone ulusi umene unachokera pachifuwa mpaka pansi pa mchombo. Kalata yothokozayo inayenera kubwera kwa ine. Kalaliki wawo anatenga keyala pa mapepala a ku koleji, pamene Elson analemba dzina la amayi.

Tsopano mumve mmene zinayendera. Kuno kuli kakhadi kamene munthu amasaina yekha ali moyo, konena kuti ndikadzafa, chimene chingathandize wina mutenge. Palibe amene amakakamiza, palibe amene amaima pa chipata cha msika kukafunsa. Elson anasaina mwezi wa Juni. Mnzake wa m'kalasi anali ndi mkazi wodwala impso, amene amakagona pa makina osefa magazi katatu pa mlungu, ndipo Elson anapita kukamuona. Atabwerako anandionetsa kakhadiko akuseka, amvekere, "Achemwali, makina abwino sataya ndi masipeyala omwe." Ndinamukalipira kuti asalankhule zamalodza.

Lachitatu lija madokotala awiri anamuyeza, aliyense payekha, n'kundiuza kuti ubongo wafa, chikupuma ndi makina. Ine ndine namwino, ndinaziona ndekha asanandiuze. Kenaka anabwera mayi wa ku bungwe lija, atanyamula kakhadiko kamene anakapeza m'chikwama cha Elson. Bungwelo limasunga mndandanda wa odwala onse a m'chigawo chino amene akudikira, ndipo munthu akamwalira ndi limene limaona kuti chakuti chipite kwa yani. Anandifunsa ngati banja likukana. Anati ndili ndi mpaka m'mawa. Kalata kuti ifike ku Milonde ndi milungu iwiri, kubwerera iwirinso. Ndikanafunsa yani? Ndinayang'ana siginecha yake ija yopindika ngati mchira wa nkhumba, ndinasaina pansi pake.

Palibe anandipatsa kanthu, ngakhale tambala. Malata aja ndinagula ndi msana wanga, kutembenuza nkhalamba za eni ake ndi kutaya mikodzo yawo zaka zinayi. Amene akunena kuti ndinagulitsa mlongo wanga ndi omwewo amene ankandilembera kupempha mawotchi. Zikundinyansa, Amalume. Ndipo poti tikuuzana zoona, zinandinyansanso kuti m'kalata ya maliro munadandaula suti.

Koma amayi ndawalakwira. Muwawerengere kalatayi yonse, musadumphe. Muwafunse chimene akufuna kuti ndichite, ndichita.

Wailesi ndinapatsa mnzake uja wa mkazi wodwala.

Esteri


Milonde, Mulanje
25 Febuluwale 1985

Esteri,

Moni. Zamwano zako ndaziona, tidzakambirana pamaso. Lero ndikungogwira cholembera, mawu ndi a mayi ako. Andiuza kuti ndilembe mmene akunenera, ndiye ndikulemba.

Akuti: Esteri, uli bwanji kumeneko. Ine ndilipo.

Akuti: Za kakhadi ndamva. Mwanayo anali wotero, ankapereka malaya ali pathupi. Ngati anasaina yekha, mlandu umenewo ndikakamba naye ndikakamupeza.

Akuti: Maso ali mwa anthu, impso imodzi ili mwa munthu. Zimenezo zili pa ntchito, zisiyeni. Azungu nawonso amafa, tsiku lina adzaikidwa m'manda, ndipo za mwana wanga zidzalowa m'nthaka pamodzi nawo. Nthaka ndi imodzi. Ndikamaganiza zimandidzutsa nseru, koma ndameza.

Akuti: Koma ahedi anawerenga kuti yachiwiri anaichotsa ndipo sinagwire ntchito. Ili kuti? Bambo ako atawadula mwendo ku chipatala cha mishoni, iwe uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri, madokotala anatipatsa mwendowo atakulunga m'chiguduli. Ndinaumangirira pa njinga ya achimwene awa, tinakauika kumanda, tinaikapo mwala. Patapita zaka zitatu bambo ako anamwalira, tinawakumbira pambali pake, anapita athunthu. Azungu a ku mishoni ankadziwa zimenezi. A kumeneko sadziwa? Chimene wabwereka osachigwiritsa ntchito umabweza.

Akuti: Upite kwa anthuwo ukaitenge. Uitumize, kaya pa ndege kaya pa sitima, ine ndiiika ndi manja anga pambali pa mwini wake. Chiliza sichimangidwa isanafike. Ndipo iwe pakhomo panga usapondepo isanafike. Ikafika, bwera, ndidzakulandira.

Mawu awo athera pamenepo. Tsopano anga. Nkhaniyi uithamangire. Mayi ako akauma mutu ukuwadziwa, ndipo anthu sasiya kulankhula chiliza chisanamangidwe. Ine dzina langa linali litatchulidwa pa udindo wa Chipani wa dera lino, pano a tcheyamani akumandipatsa moni akuyang'ana kumbali.

Malume ako,
M. Muhiwa


Mangalande
15 Malichi 1985

Amalume,

Moni kwa inu ndi onse. Kalata iyi ndi yanu nokha, amayi musawawerengere kaye.

Ndinapita ku ofesi ya bungwe lija Lachiwiri. Ndi zipinda zitatu pamwamba pa nyumba ina ya boma, muli matelefoni anayi ndi mapu aakulu a chigawo obayidwa timapini. Mayi uja anandikumbukira. Anandigwira dzanja, anandikhazika pa mpando wofewa, anandibweretsera tiyi ndi mabisiketi pa kambale. Anandiuza kuti bambo wa ana atatu uja wabwerera ku ntchito. Ndinakondwa, sindinama.

Kenaka ndinafunsa za yachiwiri. Poyamba sanamve chimene ndikufunsa. Anatulutsa fayilo. Elson kumeneko ndi nambala, dzina lili m'kati. Anawerenga kuti impsoyo anaiika m'bokosi la madzi oundana, galimoto inathamanga nayo maola atatu kupita ku mzinda wina kumene mtsikana wina anali atagonekedwa kale kuidikira. Dokotala wa kumeneko atayang'anitsitsa anapeza kuti mtsempha wake unang'ambika pa ngozi ija. Mtsikanayo anamudzutsa n'kumubweza kwawo.

Ndinati, "Zimenezo ndamva. Nanga impsoyo ili kuti?"

Anayendetsa chala pa pepala, amvekere, "Inatayidwa motsata ndondomeko."

Amalume, mayiyo sanafunikire kundimasulira. Ndondomekoyo ndimaitsata ine tsiku ndi tsiku. M'chipatala chilichonse kuno muli matumba achikasu. M'menemo timaponya mabandeji a mafinya, thonje la magazi, matewera a akuluakulu, chilichonse chonunkha. Thumba likadzaza timalimanga pakamwa, wangolo amalitenga, amakaliponya mu ng'anjo kuseri kwa chipatala. Phulusa lake limapita ku dzala la mzinda. Ndamanga matumba amenewo ndi manja angawa osawerengeka, ndikucheza ndi anzanga za mitengo ya nsapato. Sindinaganizepo n'kamodzi komwe kuti muli mwana wa munthu.

Ndinamufotokozera za mwendo wa abambo. Anamvetsera bwinobwino, maso ake anafiira, anati palibe anawafunsapo zotere chiyambire. Anati alemba kuti akakambirane pa msonkhano wawo. Kenaka anandikankhira kambale kaja kuti nditengeko bisiketi ina. Ndinatuluka mothamanga, ndinakasanzira mu ngalande ya pamsewu anthu akundilambalala.

Chichokereni kumeneko nyama sindikudya. Ndikamapita ku ntchito ndimazungulira njira yaitali kuti ndisaone chumuni.

Palibe chotumiza, Amalume. Palibe ngakhale phulusa. Ndiwauza bwanji amayi? Ndipatseni nthawi ndipeze mawu. Ndikufuna kubwera kwathu.

Esteri


Milonde, Mulanje
2 Epulo 1985

Iwe Esteri,

Moni. Kuno tili bwino, chimanga chayamba kuuma.

Kalata yako ndaiwerenga ndipo ndaiotcha. Sukulu yonse unaphunzira ija, nzeru zochepa chonchi? Ukufuna mawu a chiyani? Ukawauza mayi ako kuti mwana wawo anapsera pamodzi ndi matewera, ukhala wawapha ndiwe, ndipo pakhomo pano sudzapondapo mpaka kalekale. Anthunso adzati bodza, anagulitsa zonse ziwiri.

Mvera malume ako. Kumeneko mabutchala aliko. Ugule impso ya nkhosa, yaikulu bwino. Uiike m'kabotolo ka kuchipatala ndi mankhwala aja osungira zinthu kuti zisaole, umate pakamwa, umatepo kapepala ka Chingerezi kokhala ndi dzina la malemu. Ukapeza chidindo chilichonse udindepo, anthu kuno amalemekeza chidindo. Mayi ako impso ya munthu anaionapo kuti? Adzaika, adzalira, mtima udzakhala pansi, chiliza chidzamangidwa, iwe udzabwera pa Khirisimasi. Walakwiridwa ndani pamenepo? Bokosi lija unatha kulimata, kabotolo kakukanike?

Ndawauza kale kuti a bungwe avomera ndipo katundu ali m'njira. Nkhope yawo inasintha tsiku lomwelo, anadya bwino, anakasesa kumanda. A tcheyamani ndawauzanso, ndipo avomera kudzakhalapo kuti anthu aone kuti banja lino lilibe chobisa. Tapangana Loweruka loyamba la mwezi wa Juni. Ufulumire, usandichititse manyazi kachiwiri.

Malume ako,
M. Muhiwa


Mangalande
20 Meyi 1985

Lizzie m'bale wanga,

Moni, ndi ana ako a sukulu ku Thuchila konko. Ndikukutuma ntchito yolemera poti ndiwe mwana wa amayi aang'ono ndipo amayi amakukhulupirira. Ukwere basi upite ku Milonde, ukawawerengere amayi kalata ili m'munsiyi muli awiri. Isadutse m'manja mwa amalume. Usafewetse mawu alionse.

Amayi,

Ndine Esteri. Ndikugwada pamene ndikulemba.

Impso ya Elson kulibe. Anaiotcha tsiku lomwelo mu ng'anjo ya chipatala, pamodzi ndi mabandeji ndi zonyansa zina za odwala, ndipo phulusa linatayidwa ku dzala. Ndinapita, ndinafunsa, ndinaona pepala lake. Palibe chimene chili m'njira. Zimene munauzidwa kuti a bungwe avomera si zoona.

Amalume anandilangiza kuti ndigule ya nkhosa ndikutumizireni m'botolo. Musawaweruze okha, chifukwa ine ndinagula. Ndakhala mwezi wathunthu ndikulimbana nazo, ndipo Lachisanu lapitali ndinalowa mu butchala. Wogulitsayo anandifunsa ngati ndikufuna andidulire zokazinga. Ndinati ayi, yathunthu. Botolo ndinali nditabweretsa kale kuchokera ku ntchito, kapepala ndinali nditalemba kale dzina lake ndi tsiku lobadwa. Ndinaiika pa mbale, ndinasamba m'manja ngati ndikukathandiza dokotala. Ndiye ndinakuonani m'maganizo mukuilandira ndi manja awiri, mukuitchula dzina. Ndinadziona chimene ndasanduka, ndipo ndinanyansidwa kuposa mmene ndinanyansidwira ndi ng'anjo ija. A ng'anjo aja sankakudziwani. Ine ndinayamwa bere lanu.

Ndinakunamizani kamodzi, ndinakumanani mphumi ya mwana wanu. Kachiwiri ayi. Munati ndisaponde pakhomo panu isanafike. Sidzafika, Amayi. Ndiye ngati mawu anu ali pomwepo, ndawamva, ndipo sindidzakuvutitsani. Ndingopempha kuti Lizzie azindiuza ngati muli moyo.

Mwana wanu,
Esteri


Milonde, Mulanje
9 Juni 1985

Achemwali a Esteri,

Moni. Ndine Lizzie. Kalata yanu inafika ku Thuchila Lachiwiri pa 4, ndipo ndinakwera basi tsiku lomwelo. Inachedwa ndi masiku atatu. Zotsalazo akuuzani okha amayi aakulu, ine ndikungolemba.

Esteri,

Uli bwanji. Ine ndilipo, Muluku wakumwamba akundisunga, sindikudziwa chifukwa chake.

Malume ako sanakudikire. Lachinayi la pa 30 Meyi anabwera ndi botolo, akuti lafika pa ndege kudzera ku esiteti. Linali lomata ndi phula, lili ndi kapepala ka Chizungu ndi chidindo. Ndinalilandira ndi manja awiri. Ndinalikulunga mu kapulana wanga watsopano, chitenje chimene ndinkasungira tsiku lobwera iwe. Linakhala m'nyumba mwanga masiku awiri. Ndinkalankhula nalo, Esteri. Ndinaliuza kuti wayenda ulendo wautali mwanawe, wafika, pumula. Ndinaliuza za mbuzi, za denga, za mwana wa mng'ono wako Stella amene wayamba kuyenda.

Loweruka tinakaika. Akulu a mpingo anapemphera, amayi a Mvano anaimba nyimbo zitatu, a tcheyamani analankhula, malume ako analankhula nthawi yaitali. Anapha mbuzi yake kudyetsa anthu, ndipo onse anamutama kuti ndi mwini mbumba weniweni. Amayi aja ankasuntha ndowa anabwera kudzandigwira chanza. Ine ndinagwada pa kadzenje, ndinaika ndi manja anga, ndinalira kulira kumene ndinakusunga chiyambire Novembala. Ndinauza Stella kuti akonze chipinda chako.

Lachiwiri Lizzie anandiwerengera kalata yako. Ndinamuuza abwereze. Atabwereza ndinatenga khasu. Anthu amati mkazi sapita kumanda yekha, ndinapita, dzuwa lili pamutu, aliyense akuona. Ndinafukula. Nditaswa phula lija, fungo limene linatuluka linali la kachasu wa kwa Hawa wotcheza uja. Chidindo chija Lizzie wawerenga, ndi cha ku sikelo ya tiyi ku esiteti. Mbuzi ija tinadya Loweruka anali ataipha Lachinayi m'mawa, impso ya m'botolo inali ya mbuziyo, ndipo ine ndinadya nawo, ndinanyambita zala.

Ndinamupeza malume ako pakhonde akudya ndi alendo awiri. Ndinakhuthulira botolo lonse m'mbale mwake. Kapulana uja ndamuotcha. Pakamwa panga ndatsuka ndi phulusa, ndi mchere, ndi sopo, koma pakumvekabe.

Ndiye tamvera. Zimene anachita azungu aja ndi zonyansa. Mwana amene ndinamunyamula miyezi isanu ndi inayi, chidutswa chake kupsera pamodzi ndi matewera, sindidzazimeza mpaka kufa. Iwenso sindinakukhululukire za bokosi, usadzinamize. Koma ndakhala pansi ndawerenga anthu a pakhomo pano, amene anaimba, amene analankhula, amene anandigwira chanza. Chimwalirireni mwana wanga, munthu amene wandiuza chinthu choona ndi mmodzi, ndipo anachita kudziwa kuti chimutsekera chitseko.

Mawu anga aja ndabweza. Chiliza timanga mwezi wamawa, chopanda kanthu pambali, anthu anene zimene anganene. Iwe upemphe tchuthi ubwere. Usanditengere nsalu, usanditengere shuga. Udzakhale pa mphasa pamaso panga, Lizzie asakhalepo, pepala lisakhalepo, undiuze kuyambira Lachiwiri lija unamupeza pa makina mpaka Lachinayi. Anali atagona chotani, dzanja lake linali lofunda kapena lozizira, unamuuza chiyani, anamutulutsira khomo liti, ulusi uja unali wamtundu wanji. Ndikasanza udikire ndimalize, kenaka upitirize. Usadumphe kanthu.

Ndine mayi ako,
Rute